Maresibo Oboola

Nyumba imene ija ine sindinaifune, ndinene poyambirira pomwe. Anaifuna ndi amuna anga. Iwo anali mmisiri wa matabwa kwathu ku Chiputo, ndipo azungu atapita, dziko litakhala lathu, anati munthu wokhoma madenga a anzake sangamagonebe m'nyumba yodontha. Masiku amenewo banko ya ku vila, kumene kunali maofesi a boma, inkabwereketsa ndalama kwa amisiri ndi alimi. Amuna anga anapalasa njinga, anakatha masiku atatu, nabwera ndi pepala lalitali ndi chala chothimbirira ndi inki. Chikole cha ngongoleyo chinali nyumba yomweyo, njerwa tisanaumbe ngakhale imodzi.

"Ndiye mwapinyolitsa nyumba imene kulibe?" ndinawafunsa.

"Amayi, zinthu zasintha," anatero. "Banko tsopano ndi yathu."

"Yathu eti? Tidzaona tsiku lolanda ngati idzakumbuke chibale."

Koma bodza n'loipa, itatha nyumbayo ndinaikonda. Njerwa zootcha, malata owala, zitseko za mlombwa zopala okha amuna anga. Mvula yoyamba itagwa padengapo ndinaima pakati pa chipinda nditanyamula mbale yokhongozera madzi, mwa chizolowezi, koma panalibe podontha. Ana athu awiri anandiseka tsiku lonse.

Pangano linali lakuti tilipire kakhumi ndi kawiri, miyezi itatu iliyonse kamodzi. Akapita kukalipira, ankabwera ndi resibo, kapepala kachikasu kolembedwa manambala, ndipo m'munsi mwake munali karimbo wa boma, chidindo chozungulira chofiirira. Ankandipatsa ine kuti ndisunge. Ndinkaika m'kachitini ka masamba a tiyi, kachitiniko n'kukalowetsa pansi pa mtsuko wa nyemba. Kuwerenga zilembo sindidziwa, koma kuwerengera ndiye musandiyese.

Vuto linayamba ndi mvula. Kwathu kukagwa mvula msewu umafa, mitsinje imadzaza, njinga umachita kuisenza. Akachedwa milungu iwiri, banko inkaika multa, chindapusa cha kuchedwa. Multayo nayo inkabereka chiwongoladzanja chake, mwana wakeyo n'kuberekanso. Tinalipira kakhumi ndi kawiri kaja, akuti yatsala. Tinawonjezera kawiri, akuti yatsalabe, ndipo yotsalayo yakula. Ngongole yake inali ngati kaufiti m'munda, ukazula apa waphuka apo. Ine ndinkalalata mpaka nkhuku kuthawa pabwalo, iwo n'kumangoti, "Bukhu lawo ndilo likutero, nanga nditani?"

Kenaka nkhondo inafika kwathu. Njinga inasiya kuyenda. Wofuna kupita ku vila ankayamba wakatenga giya kwa sekretaryo wa mudzi, pepala lololeza ulendo, kenaka n'kudikira koluna, magalimoto oyenda mondondozana ndi asilikali. Koluna inkatha mwezi, nthawi zina iwiri, osaoneka. Banko sinkafunsa zimenezo. Multa inkangolembedwa ngati kuti msewu tatseka ndife.

Anthu anayamba kuthawira ku Zambia. Mng'ono wanga anabwera m'mawa wina atasenza mtolo, ana ali pambuyo, nati, "Achemwali, tiyeni, kuno kwaipa." Ndinalowa m'nyumba n'kugwada pamaso pa amuna anga, chinthu chimene sindinkachita kawirikawiri.

"Tikachoka alemba kuti tathawa ngongole," anatero. "Nyumba yapita, ndi zonse talipira zija."

"Ndiye mudzadya malatawa? Adzakukwirirani ndi malatawa?"

Anakanitsitsa. Ana tinawapereka kwa mng'ono wangayo, ife awiri tinatsala kulondera njerwa. Ndinakwiya nawo mwezi wathunthu, chakudya ndinkangowaikira pansi osalankhula. Kutchire kunali mfuti, ku vila kunali bukhu, ife pakati.

Nkhani zinayamba kumveka zoti anthu a mfuti ochokera kutchire akafika pamudzi amafufuza mapepala. Akakupeza ndi chilichonse chokhala ndi karimbo wa boma, basi, ndiwe munthu wa boma. Bambo wina wa ku Malowera anam'peza ndi kapepala kogulitsira chimanga, ndipo zimene anam'chita sindingazinene pano. Ndinauza amuna anga kuti titenthe maresibo aja. Anadzuka pampando ngati ndawaponda pachilonda.

"Mapepala amenewo ndiwo nyumbayi! Mukatentha, mwatentha nyumba."

"Ndikasunga, ndasunga imfa yanu."

"Kwirirani."

Kukwirira! Anthu aja ankayenda ndi ndodo zosongola, kubaya pansi paliponse pofewa, mpaka m'khola ndi kuchimbudzi. Ndinasowa mtengo wogwira. Masiku angapo ndinkangoyang'ana mtsuko wa nyemba uja ngati muli njoka.

Tsiku lina masana, iwo atapita kukakhoma bokosi la maliro kutsidya, ndinatulutsa kachitini kaja n'kuyala mapepala onse pamphasa. Ndinaganiza motere: umboni woti tinalipira ndi manambalawa, chopha munthu ndi chozungulirachi. Mbatata ikawola mbali imodzi sutaya yonse, umasema powolapo. Ndinatenga lumo lometera ana, n'kuyamba kudula karimbo aliyense bwinobwino, osakhudza nambala ngakhale imodzi. Tizidutswa khumi ndi tinayi. Ndikuti ndikatitaye pamoto, moto unali utazima, ndipo panja ndinamva mapazi. Ndinatiponya m'kamwa n'kumeza. Kuwawa kwake! Kutuluka panja, inali mbuzi. Ndinadziona wochenjera kuposa akazi onse a ku Chiputo, koma amuna anga sindinawauze, poti ndinkadziwa mkwiyo wawo pa mapepala amenewo.

Anthu a mfuti aja anabweradi, m'mawa wina ndikusesa pabwalo. Amuna onse anawakusira pansi pa mtengo wa mango n'kuwagoneka chafufumimba. Ine mmodzi wa iwo anandikankhira m'nyumba kuti ndimuonetse katundu. Anakhuthula nyemba zonse pansi, kachitini kaja mbwee! Anatsegula, anatembenuza pepala loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anakweza limodzi n'kundiyang'ana kudzera pabowo paja, diso lake lofiira lili tong'o. Kenaka anangowataya pansi, natenga mabulangete, mapoto ndi zipangizo za amuna anga. Mnansi wathu anam'peza ndi giya m'thumba la malaya. Anapita naye, ndipo sitinamuonenso.

Madzulo ake amuna anga anandifunsa kuti, "Nanga mapepala aja?"

"Sanawaone," ndinanama. Anagwada n'kuthokoza Mulungu, ine ndikutola nyemba.

Patapita chaka, sekretaryo anamva pa wailesi yake kuti madeputado, aphungu a ku nyumba ya malamulo ku Maputo, awapanikiza akuluakulu a banko ndi mafunso pa nkhani yolipiritsa anthu mopitirira. Ine ndinati za ku Maputo zimathera ku Maputo komweko. Koma ayi, uthenga unafika woti ena mwa iwo akubwera ku vila, ndipo aliyense woona kuti anaberedwa apite ndi maresibo ake. Amuna anga anameta ndevu, anachapitsa malaya awo a ku tchalitchi. Ndinali ndisanawaone akuseka chichokereni ana. "Mwaona amayi? Mukanatentha bwenzi lero tikuti chiyani?" Ndinati ndiwauze za lumo lija, koma ndinaopa. Mumtima ndinkadzilimbitsa kuti manambala onse alipo, palibe chimene chasowa.

Tinakwera koluna tonse awiri, kachitini ndakamanga m'chiuno. Msonkhano unali m'chipinda cha sukulu chopanda zitseko. Kutsogolo kunakhala madeputado atatu, pakati pawo mayi wamagalasi wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chinyungwe. Mkulu wa banko, amene amuna anga ankamuvulira chipewa ali patali, anali chiimire pambali, thukuta lili kamukamu. Mayi uja anamufunsa kuti lamulo loika multa pa multa analitenga kuti. Anamufunsa kuti munthu akanafika bwanji ku banko miyezi imene boma lenilenilo linkalephera kutumiza galimoto. Mkuluyo ankangomeza malovu. Aaa, ndinamva kukoma! Bambo wina wa ku Chipera anayala maresibo ake, anawerengera, ngongole yake n'kufafanizidwa pomwepo. Akazi tinaimba nthungululu.

Itafika nthawi yathu, ndinamasula kachitini n'kupatsa amuna anga. Anatsegula ndi manja awiri, natulutsa mapepala aja pamaso pa anthu onse. Ndinaona msana wawo ukuuma. Anatenga limodzi, analitembenuza, anatenga lina. Sanacheuke.

Mkulu wa banko uja moyo unamubwerera. "Kamarada deputada," anatero kwa mayi uja, "resibo yopanda karimbo ndi pepala lopichirira fodya. Aliyense angathe kulemba manambala." Mayi uja anaitanitsa bukhu la banko. Linali latsopano, lokopera, poti lakale akuti linawonongeka posamutsa ofesi. M'menemo munalembedwa kuti tinalipira kasanu kokha.

"Wadula mapepalawa ndani?" anafunsa mayiyo.

Ndinaimirira. "Ndine, mayi." Ndinafotokoza zonse, za bambo wa ku Malowera, za lumo, za diso lija pabowo. Amuna anga anali kumva koyamba, pamodzi ndi anthu achilendo.

"Nanga tizidutswato tili kuti? Mukabwera nato tikhoza kulumikiza."

"Ndinameza."

Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ang'ambeni pamimba, karimbo ali momwemo!" Mayi uja sanaseke. Anavula magalasi, napukuta m'maso, nanena motsitsa kuti mayi ake omubereka anatentha chithunzi chokhacho cha iye mwana wawo pa chifukwa chomwecho. Anatembenukira kwa anzake, analankhulana Chipwitikizi nthawi yaitali. Kenaka anatiuza kuti multa zonse azichotsa, zimenezo mphamvu ali nazo. Koma malipiro osaoneka m'bukhu, opandanso karimbo, lamulo silimulola kuwawerengera. Tinayenera kulipiranso kasanu ndi kawiri, apo ayi nyumba ipite.

Apa ndiye mutu unandiyaka. "Ndiye mukanakonda amuna anga akanafa, karimbo wanuyo akhale wamoyo? Talipira kakhumi ndi kanayi! Bambo awa akuwadziwa amuna anga, ndalama ankalandira ndi dzanja lawo lomweli, awayang'ane kumaso anene kuti sakuwadziwa!" Mkulu wa banko ankayang'ana kudenga. Amuna anga anandikoka nsalu pang'onopang'ono kuti ndikhale pansi. Anapita kutsogolo, anaviika chala, nadinda pepala latsopano.

Ulendo wonse wobwerera sanandilankhule, ndipo ine ndinkalakalaka akanandimenya n'kutheratu. Kunyumba ankadya, ankapita kukagwira maganyu ndi zipangizo zobwereka, ankabwera. Za mapepala osatchula. Nyumba ija ndinaida. Ndikagona chagada ndinkawerenga malata aja limodzilimodzi, ndikuganiza za ana anga ku Zambia amene sindinkadziwa ngati adya. Kuthawa tsopano kunali kosatheka kuposa kale, poti chala chinali chitadindidwa kawiri.

Miyezi itatu itakwana anagulitsa njinga ija, natenga giya, nakwera koluna. Anatha masiku khumi ndi awiri. Anafika masana ali mbuu ndi fumbi, mapazi otupa, chifukwa koluna inawasiya panjira ndipo anamaliza wapansi. Ndinawapatsa madzi. Atamwa anavula nsapato, natulutsa kapepala kachikasu kamene anakabisa pansi pa phazi. Karimbo wake anali watsopano, wowala.

"Bwanji osakasiya ku vila komweko?" ndinafunsa.

"Kwa yani? Amene ndinkamudziwa anathawa."

Analowa kuchipinda. Ndinamva akufufuza pa kashelefu kamene anandikhomera tikulowa kumene m'nyumbamo. Anatuluka, nakhala pansi pafupi nane, naika resibo ija pa bondo langa. Pamwamba pake anaikapo lumo lija.

"Nkhondo sinathe, amayi," anatero. "Dulani bwinobwino, ngati muja munadulira."

"Ndiye mwalipiriranji? Njinga yapita chabe?"

"Kuti a banko asabwere miyezi itatu ino."

Ndinawayang'ana, iwo akuyang'ana mapazi awo. Ndinatenga lumo lija n'kuyamba kudula, ndinachita kudzicheka chala, koma nambala sindinakhudze ngakhale imodzi.