Mawu Odekha a Lachisanu

Achimwene anamwalira ku Joni Lachiwiri, Lachitatu anzawo a ku mzikiti n'kuwaika m'manda konko. Uthenga unandipeza kuntchito ku Balaka. Amalume anati tisawauze kaye amayi, poti anali atangotuluka m'chipatala ndi vuto la mtima. Tidikire amalumewo afike kumudzi Lamulungu, akawauze pamaso monga mwa mwambo.

Vuto linali Lachisanu. Achimwene akatuluka ku mapemphero a swala tsiku limeneli ankatumiza mawu pa foni, amayi atakhala kale pakhonde kwathu kuseri kwa Ntaja, foni ili pamiyendo. Kuwerenga satha, amangodziwa pokanikiza. Lachisanu likanadutsa zii, akanadziwa okha.

Nzeru yoipayo inali yanga, sindinamizira munthu. Mnzanga wa mu ofesi anali atandionetsa pulogalamu ya pa kompyuta imene ikamva munthu akulankhula, imatha kulankhula ngati iyeyo. Ndinaipatsa mauthenga akale a achimwene, n'kulemba timawu tochepa. Pansi pa mtima ndinkafuna chinthucho chikane, kapena chifunse kuti mwini mawuwa ali kuti. Chinangofunsa ngati ndikufuna mawu ansangala kapena odekha. Ndinasankha odekha.

"Amayi, ndadzuka bwino. Kuno kukuzizira. Muzimwa mankhwala."

Ngakhale kachifuwa kawo kaja kanalimo. Ndinakasanza kuseri kwa ofesi, ndinabwerako n'kutumiza.

Lamulungu amalume anakhala pamkeka, ine ndili pomwepo, ananena zonse bwinobwino. Amayi anamvetsera mpaka pamapeto.

"Mwati anaikidwa liti?"

"Lachitatu."

"Ndiye akunamizani. Dzana lomweli wandiuza kuti ndizimwa mankhwala."

Ndinagwada n'kuulula. "Anali makina, amayi. Ndinawalankhulitsa ndine."

"Iyayi. Mwanayo ndinabereka ndine. Makina angatsokomole?"

Sanalire tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sanalirebe. Mtembo sanauone, koma mawu anawamva ndi makutu awo. Sadaka ya masiku makumi anayi anaikana. Ashehe atabwera kudzawalangiza, anawapatsa tiyi n'kuwaperekeza mwaulemu, amvekere m'nyumba muno simunafe munthu.

Ku ofesi anthu amatsutsana pa nkhomaliro ngati makinawa angadzadziwe chabwino ndi choipa. Ine ndimatenga mbale yanga n'kutuluka, apo ayi ndingatukwane munthu. Chinthucho chinalibe manyazi, n'zoona, ndipo ndimadana nacho. Koma ine manyazi ndinali nawo mpaka kusanza, ndipo ndinatumizabe.

Lachisanu lapitali amayi anandiimbira masana.

"Iwe, mlongo wako wangoti zii kuyambira tsiku lija."

"Amayi, ndinakuuzani kale."

"Eya, unanena." Nkhuku zinkamveka kuseri. "Ngati unamulankhulitsa ndiwedi, mulankhulitsenso. Angondifunsa mmene ndadzukira, basi."

Kompyuta inali patebulo pomwepo, mauthenga aja sindinawafufute. Ndinkadziwa kuti ndikaipempha sikana.