Chikondi akuti miyezi inayi imukwanira

Moni nonse.

Masana ano mwana wanga Chikondi wandipeza ku Egodini ndikugulitsa tomato, atanyamula chidutswa cha katoni. Walembapo ndondomeko yowerengera mayeso olowera kusukulu ya udokotala: miyezi inayi, maola asanu patsiku, kupuma Lamulungu lokha.

Ndamufunsa kuti, "Bwanji osadikira chaka chamawa?"

Wayankha osaphethira, "Mama, chondivuta ndi kemisitiri basi, ndiye ndaiika m'mawa uliwonse mutu usanatope. Ndikadikira chaka, ndiiwala zomwe ndikudziwa kale."

Ndamuuza kuti kuyambira mawa asabwerenso kumsika, ndizigulitsa ndekha. Ine ndikuona kuti mwanayu akhoza.

Sisi Enelesi, inu mwagwira unamwino ku Thorngrove zaka zambiri. Miyezi inayi ikwanadi, kapena ndine mayi wongokhulupirira mwana wake?