Thirakitala Yofiira Pamtsetse

Amalume sanali malume wanga weniweni. Tinadziwana kutchalitchi ku Barking, chaka changa chachiwiri mu London, ndikugwira ntchito yaunamwino pachipatala china chakummawa kwa mzindawu. Iwo anabadwira ku Zimbabwe, pafamu ya fodya, koma bambo awo anachokera ku Ntcheu. Atamva kuti mayi anga nawonso kwawo n'ku Ntcheu, anandigwira dzanja osalisiya msanga.

"Basi, kuyambira lero ndine malume wako," anatero.

Chichewa chawo chinali chakale, chapafamu, chosakanikirana ndi Chishona. Ku Ntcheu kwenikweniko anali asanapondeko.

Tsiku lina tikumwa tiyi mapemphero atatha, ndinaona zikhadabo zawo zili bii ndi girizi. Ndinawauza kuti manja a malemu bambo anga ankaoneka choncho, chifukwa ankayendetsa thirakitala paesiteti ina ku Kasungu. Amalume anaika kapu pansi.

"Yamtundu wanji?"

"Yofiira, yopanda denga."

"Loweruka uli pa shifiti?"

Loweruka limenelo tinakwera sitima mpaka ku Upminster, kenako basi, kenako tinayenda wapansi m'kanjira kamatope. Sindinkadziwa kuti London ali ndi minda. Famuyo inali ya mzungu wina wokalamba, wamasiye ngati amalume, amene ankatolera mathirakitala akale. Iye anali nawo asanu, amalume anali nawo atatu, onse m'shedi imodzi yamalata. Amalume anali atapuma pantchito yokonza mabasi, ndipo thirakitala yawo yoyamba anaigula ili zidutswazidutswa mkazi wawo atangomwalira.

Atatsegula chitseko cha shediyo, fungo la dizilo ndi dothi louma linandimenya kumaso. Pakona panali thirakitala yofiira ya amalume, mpando wake wachitsulo uli ndi thumba lopinda pamwamba. Ndinakumbukira mmene ndinkapitira kumunda ndi botolo la thobwa la bambo, iwo n'kundikweza pamadigadi, pamwamba pa tayala lalikulu, ndipo poweruka n'kundilola kukoka kabatani kozimitsira injini. Maliro awo sindinapiteko. Mapepala anga okhalira kuno anali asanatuluke. Ndinaima pamenepo ndikulira, amalume ndi mzungu uja akunamizira kuti akufunafuna sipanala.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse lomwe sindinali pantchito ndinkakhala kushediko. Ndinaphunzira kutsuka mafyuluta ndi kupala dzimbiri. Madalawo ankatha tsiku lonse akukangana za bawuti imodzi, mzungu m'Chingerezi, amalume akumuyankha m'Chingerezi kenako n'kumunyogodola kwa ine m'Chichewa. Masana tinkadya masangweji titakhala pamatayala, amalume akusimba za pafamu pomwe anakulira.

"Bambo anga anayendetsa thirakitala ya mwini famu mpaka kukalamba," anandiuza tsiku lina, "koma ngakhale wilibala yawoyawo analibe. Ndikagula imodzi ndimamva ngati ndawagulira iwo."

Zinayenda choncho zaka zitatu. Ndiye Loweruka lina mu Febuluwale, mzungu uja atapita kukadyetsa nkhosa zake, ndinamva sipanala ikugwa. Nditazungulira kuseri kwa thirakitala ndinapeza amalume ali pansi, atatsamira tayala, maso ali gwa. Ndinawagwira pamkono. Mtima unkagunda pang'onopang'ono moopsa. Pasanathe mphindi anatsitsimuka n'kuyamba kudzisansa fumbi.

"Ndaterereka," anatero.

"Amalume, simunaterereke. Munakomoka. Ndiyitane ambulansi."

"Iwe, ambulansi ya chiyani? Sindinadye mmawa, basi."

Tinalimbana mpaka anavomera kuti Lolemba akaonana ndi dokotala wawo. Koma anandigwiranso dzanja, ngati tsiku loyamba lija.

"Mwana wanga uja usamuuze. Akamva angondiletsa kubwera kuno. Ukufuna ndizikhala m'fulati kuonera makoma?"

Amalume ali ndi mwana mmodzi wamkazi, amakhala ku Tottenham, kumpoto kwa London. Nambala yake ndinali nayo. Ndinalonjeza kuti sindimuuza. Patapita sabata ndinawafunsa za dokotala, anati anapita ndipo zonse zili bwino. Ndinafunsa ngati anawapima mtima, iwo n'kuyamba kundiuza za mpope wa dizilo. Kuntchito wodwala akandiyankha motero sindimusiya. Koma awa anali amalume, munthu wamkulu, ndipo ndinachita manyazi kuwapanikiza.

Mu Meyi munali ulendo wa mathirakitala. Chaka chilichonse anthu otolera mathirakitala akale m'deralo amandanda mumsewu n'kuzungulira midzi yapafupi, anthu akuwaimikira manja m'mbali. Chaka chimenecho amalume anakonzeka kuposa kale, chifukwa mwana wawo anali atavomera kubwera kudzawaona akuyendetsa, kwa nthawi yoyamba. Thirakitala yofiira ija anaipukuta mpaka kunyezimira, kumbuyo anakolekako ngolo yaing'ono yokhala ndi mitolo ya udzu yoti tikhalepo.

Mmawa wa tsikulo kunkazizira, koma amalume anali thukuta kamukamu. Milomo inali itatuwa. Ndinawakokera kuseri kwa shedi.

"Amalume, lero musayendetse."

"Wayambatu."

"Ndipatseni mkono ndimve."

Anabisa manja m'matumba a ovolosi. "Kuno si ku wodi kwako. Mwana wanga wachokera ku Tottenham ndi mabasi awiri ndi sitima. Ndimuuze kuti chiyani?"

"Mumuuze zoona. Kapena ndimuuze ine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Unalonjeza," anatero motsitsa mawu, n'kuchoka.

Mwana wawoyo anali atakwera kale m'ngolo, akujambula bambo ake ndi foni, akuseka. Ndi mayi wamsinkhu wanga, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Nditakhala pambali pake anandiuza kuti sanawaonepo bambo ake akusangalala chonchi chimwalirireni mayi ake. Mawu anali pakamwa panga. Injini inalira, ngolo inagwedezeka, ndipo ndinawameza.

Tinali achisanu ndi chimodzi pamzere. Kutsogolo kwathu kunali mzungu uja pathirakitala yake yotuwa. Ola loyamba linatha bwino. Anthu ankatuluka m'nyumba ndi makapu a tiyi m'manja, mwana wa amalume akuwabayibitsa. Ine maso anga anali pamsana pa amalume. Nthawi iliyonse akaweramira giya, ndinkayesa kuti akugwa.

Pali malo ena pomwe msewu umatsika mtsetse wautali, kumanzere kuli ngalande yakuya, kumunsi n'kukakumana ndi msewu waukulu wa magalimoto othamanga. Mathirakitala akutsogolo anayamba kuchepetsa liwiro. Yathu sinachepetse. Ndinaona mutu wa amalume ukugwera kutsogolo pang'onopang'ono, chipewa n'kugwa, thupi lonse n'kutsamira chiwongolero.

Mathirakitala akale moto wake umakhala pakandodo ka pamanja. Ukakaika pamalo, injini imangokokabe, woyendetsa akhale maso kapena ayi. Thirakitala inayamba kupatukira kumanzere.

"Dadi!" mwana wawo anakuwa. "Dadi!"

Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinakwera thabwa lakutsogolo kwa ngolo. Pakati pa ngolo ndi thirakitala pamangokhala chitsulo chimodzi chokokera, chopyapyala ngati mkono wa munthu, pansi pake phula akuthamanga. Ndinapondapo phazi limodzi, linaterereka, mwendo unakhulika pachitsulo, nsapato n'kugwa. Ndinamva tayala la ngolo likuiponda. Ndinagwira lamba wa ovolosi ya amalume n'kudzikoka mpaka ndinagwada kuseri kwa mpando.

Tayala lakutsogolo linali litalowa kale m'udzu wa m'mphepete mwa ngalande. Ndinayesa kupotoza chiwongolero koma chifuwa cha amalume chinali chitachipanikiza. Ndinawakulunga mkono pakhosi n'kuwakokera kumbuyo. Anali olemera ngati thumba la chimanga. Ndi dzanja linalo ndinakokera chiwongolero kumanja, thirakitala inabwerera mumsewu mwamphamvu, ngolo kumbuyo n'kupendekeka. Mwana wawo anakuwanso. Tsopano tinalunjika kumbuyo kwa thirakitala yotuwa ija, ndipo mzunguyo sankamva kanthu chifukwa cha phokoso la injini yake.

Mabuleki anali kumapazi a amalume, sindikanawafikira. Ndinagona pamwamba pa phewa lawo, kutambasula mkono pansi pa chiwongolero, zala zikufufuza kabatani kozimitsira. Ndinagwira china chake, sichinali chimenecho. Ndinafufuzanso. Nditakapeza ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse.

Injini inatsokomola n'kuzima. Thirakitala inagwedezeka, kukwawa pang'ono, n'kuima. Mphuno yake inatsala pang'ono kwambiri kugunda thirakitala ya mzunguyo, yomwe inali itaima kudikira mpata pamsewu waukulu. Malole ankadutsa kutsogoloko osadziwa kanthu.

Anthu anathamangira n'kundithandiza kuwatsitsa. Tinawagoneka paudzu. Ankapuma, koma mtima unkagunda patalipatali. Ndinawakweza miyendo, wina akuyimbira ambulansi. Mwana wawo anagwada pambali, akuwasisita kumaso. Amalume anatsegula maso n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Thirakitala mwaika pa giya?" anafunsa. "Ingatsetsereke."

A ambulansi atafika anafunsa ngati zimenezi zinawachitikirapo. Mwana wawo anati ayi. Amalume anandiyang'ana, osaphethira.

"Zinachitikapo," ndinatero. "Mu Febuluwale. Anakomoka m'shedi, ine ndilipo."

Mwana wawo anatembenuka pang'onopang'ono.  Anadikira mpaka madzulo a tsikulo, m'khonde la chipatala, bambo ake atalowa nawo kokawaika kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino. Ndinali nditakhala pabenchi ndi nsapato imodzi, mwendo atandimanga bandeji. Anaima patsogolo panga n'kuyankhula m'Chichewa, koyamba chidziwanireni, mawu akutuluka amodziamodzi.

"Inu ndinu nesi. Munadziwa. Munakhala pafupi ndi ine m'ngolo muja, osandiuza."

Ndinati bambo ake anandipempha kuti ndisanene.

"Akanafa," anatero. "Ifenso tikanafa."

 Pambuyo pake zinadziwika kuti kwa dokotala kuja amalume sanapiteko n'komwe.

Amalume anachira, koma anandikwiyira chifukwa ndinaulula. Mwana wawo anandikwiyira chifukwa ndinabisa. Kutchalitchi amalume ankakhala mbali ina, ine mbali ina. Kushedi ndinasiya kupita. Loweruka ndinkapempha shifiti dala kuti ndisakhale pakhomo. Usiku ndi usana ndinkangoona phula uja akuthamanga pansi pa phazi langa, ndipo kwa milungu ingapo ndinkalephera kukhala kumtunda m'basi ikamatsika mtsetse.

Patatha miyezi iwiri mzungu uja anandiyimbira foni. Anati amalume abwerera kushedi, mwana wawo amawaperekeza, koma ntchito sikuyenda chifukwa madala awiri maso awo saonanso timabawuti ting'onoting'ono. Anatinso watopa kunyogodoledwa m'chinenero chomwe samva popanda womumasulira.

Ndinapita. Amalume anali pampando wapulasitiki pakhomo pa shedi, ataonda, atafunda jekete ngakhale kunali dzuwa. Ndinawapatsa moni mwaulemu, anayankha osandiyang'ana. Kenako analoza thirakitala ya buluu yomwe inali itaphwasulidwa.

"Fyuluta iyo yakhala ikukudikira. Manja uli nawo?"

Za tsiku lija sanazitchule, ngakhale kupepesa kapena kuthokoza. Mwana wawo ndiye anandipeza ndikutsuka fyulutayo m'beseni. Anati sanandikhululukire, ndipo sakudziwa ngati adzatero. Koma anati bambo ake amanamiza madokotala, amamunamizanso iye, ndipo akufuna munthu wodziwa zachipatala azipita nawo kukiliniki ya mtima. Ndinavomera, koma ndinati chilichonse chomwe ndaona ndizinena, amalume afune asafune. Amalume anamva ali pampando paja, anangokhosomola.

Mwezi wathawu tinapitanso kukilinikiko tonse atatu. Dokotala, mtsikana wamng'ono waulemu, anafunsa ngati amalume akupewa kunyamula zolemera monga anawauzira. Amalume anayankha m'Chingerezi chosalala kuti sanyamula kanthu kuposa kapu ya tiyi. Kenako anaweramira kwa ine n'kunong'ona m'Chichewa.

"Za batire lija usanene."

Loweruka lina tisanapite kukilinikiko ndinali nditawapeza atanyamula batire la thirakitala kuchoka nalo pakhomo mpaka mkati mwa shedi. Ndinamuuza dokotalayo zonse, ndi kulemera kwa batirelo. Dokotala analemba, mwana wawo anagwira kumutu. Potuluka amalume anatsogola okha mpaka pamalo okwerera basi. Basi itafika anakwera, n'kuika chipewa chawo pampando wapambali pawo kuti munthu wina asakhalepo mpaka ine nditalowa.