Kukafunira Nabanda Ndiwo ku Katete

Ndinanyamuka kwathu kuseri kwa Sinda nkhungu isanachoke m'dambo. Ine Gelesomu Phiri, amene ndikaitana mbuzi amamva ndi a mudzi wachitatu, ndinatseka chitseko monyang'ama ngati mbala. Mkazi wanga Nabanda anali m'tulo. Chitulukireni m'chipatala thupi lake limangotha. Anamwino anati azidya zomanga thupi, mwana wathu n'kutumiza mapaketi a soya, koma akangolawa mimba imatupa ngati ng'oma. Nyemba chimodzimodzi. Nyama, mano ake alibe.

Njinga yamoto inanditula pa msewu wa tala, ndinakwera minibasi ya makwacha makumi anayi. Nditafunsa ngati ku Katete kuli ndiwo za odwala, kondakitala anati, "Madala, tsitsani voliyumu."

"Mwana iwe, apa ndiye ndikunong'ona."

Dzuwa litakwera, msewu unkanyezimira ngati mtsinje, mapiri a Katete akuyandama patsogolo. Ndinawodzera. Ndinaona Nabanda ali namwali, masaya odzaza, akuwoloka madziwo atasenza lichero, osanyowa. Ndinamuitana, basi yonse n'kuseka.

Pamsika ndinadya chinangwa chowotcha n'kuyamba kuzungulira. Kapenta anali mchere wokhawokha. Mazira ndinagula ochepa. Chakumasana ndinakhala pamthunzi wa mayi wina wachisilamu wogulitsa khobwe, ndipo anamva nkhani yanga. Kunena zoona, msika wonse unamva.

"Bambo, ambiri chimawavuta ndi khungu la nyemba. Tengani khobweyu, muswe pamphero, mupete, muviike, muphike mpaka asungunuke. Chipere. Ayambe pang'ono, muone mmene mimba iyankhire."

"Wopera ndiye wodwalayo."

"Nanga manja awiriwo ndi okometsera?"

Ndinagula khobwe uja n'kukwera basi yobwerera. Ndevu zoyera izi, kugwada pamphero? Kwathu mwamuna sachita zimenezo. Pawindo minda youma inkadutsa pang'onopang'ono, ine ndikungoona masaya aja.

Ndinafika ng'ombe zikulowa m'khola. Mphero ndinaikokera kuseri kwa nkhokwe kuti anthu asandione, koma ndinadzigulitsa ndekha, chifukwa ine sindigwira ntchito osaimba. Azimayi anadzaza mpanda, akugwirana kuseka.

Mawa lake Nabanda anadya masupuni angapo a chipere. Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Mimba inali zii.

"Aphiri," anatero, "mchere mwachepetsa."

Mwezi wathunthu anali asanandidzudzule. Ulendo wonse uja, kani mankhwala anali mwala umene ndakhala ndikuulumpha pakhomo panga. Ndinakatenga mchere.