Ngalawa ya pa Chitini cha Mbewu

Chaka chimene tinabwerera ku Chiputo kuchokera ku Malawi, nkhondo itatha, chuma cha banja lathu chinali njinga, khasu limodzi ndi chitini chachikulu chofiira cha tiyi. Pachitinipo panajambulidwa ngalawa ya matanga oyera, ochuluka kuposa zovala za mudzi wathu wonse. Ndinawerenga ndekha, wotsutsa akawerenge. M'kati munalibe tiyi. Amayi anathiramo mbewu ya chimanga cha makolo, yosakaniza ndi phulusa kuopa anankafumbwe, ndipo chivundikiro anachimata ndi phula. Ukanunkhiza, linkamveka fungo la utsi ndi la tiyi wakalekale amene sitinamulawepo.

Tsoka ndinabwera nalo ndine. Nditajambula ngalawayo kusukulu, apulofesolo athu anati kalelo Angelezi ankayenda nazo zotere miyezi itatu kapena inayi, mphepo yokha ikuwakankha, kukatenga tiyi kwa Atchaina, ndipo wofika msanga kwawo ndiye ankalemera. Ndinakawafotokozera abambo, munthu amene madzi aakulu omwe ankawadziwa anali a mumtsuko. Patapita masiku awiri anati mbewuyo akasinthanitsa ndi tiyi ndi shuga ku Fingowe, akagulitse kwa okumba golide, abwere ndi zitini ziwiri mvula isanagwe.

"Abambo ake Rosa, mbewu siyenda ulendo," anatero amayi.

"Angelezi akanamvera akazi awo, bwenzi lero akumwa madzi otentha okha," anayankha abambo.

Anamangirira nsungwi kunjinga, napachikapo kapulana, nsalu ya amayi ya kutchalitchi, ngati thanga. Mphepo ya mu Okutobala itawomba, abambo anadutsa nkhanga ili m'malere. Ngati ndikunama, mphezi indipeze ndili m'chimbudzi. Ine ndi mlongo wanga wamkulu Rosa tinawathamangira tikuseka mpaka pa mtengo wa mlambe.

Mvula inagwa patapita masiku atatu. Nthaka inanunkhira, inswa zinatuluka, mudzi wonse unali kumunda, ife tili pakhonde kuyang'ana msewu. Mitsinje inadzaza. Abambo anafika patatha mwezi, wapansi, njinga ili paphewa, kapulana itasanduka nsanza. Katundu anawanyowera powoloka. Akuti mtsinje unafiira, ndipo ng'ombe za kumunsi zinamwa tiyi wa shuga, sabata lathunthu zosagona. Chitini chokha ndiye anachigwiritsa, chopanda kanthu. Amayi anachilandira ndi manja awiri, monga mwa ulemu. Sindinawamvenso akuseka.

Mbewu yopemphetsa tinabzala chimanga cha anzathu chili m'mawondo. Chathu chinamasula mvula itatha. Mu Febuluwale wa chaka chotsatira tinkadya mizu yowiritsa kawiri, ndipo mimba yanga inkalira mpaka agalu a kwa aneba ankayankha. Tsiku lina panabwera mwamuna wa kumigodi ya golide, wa imvi, atanyamula matumba awiri a chimanga panjinga. Matumba anatsitsa. Pamalo pake panjingapo panakhala Rosa, wa zaka khumi ndi zinayi, atavala nsapato za amayi. Sanacheuke pamlambe paja.

Amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma mawu amene anatipha anali anga, a mwana. Chitini ndili nachobe, ndimasungamo misomali. Ngalawa ija matanga ake akadali odzaza mphepo, ndipo zaka makumi atatu zonsezi sinasunthe ngakhale chala chimodzi. Yathu ndiyo inafika. Inapita ndi mbewu, inabwera ndi matumba awiri, ndipo ndinadya nawo.