Chitseko cha ku Dedza

Mukafika ku Kalingalinga mu Lusaka n'kufunsa kalipentala wodziwa zitseko, ngakhale amayi ogulitsa makala akulozerani kwa a Chabwera. Zitseko zawo zili ku Kabulonga, zili ku Ibex, zina zili m'matchalitchi a abusa oyenda pa galimoto zazitali. Koma mukadafika pakhomo pawo chaka chatha, ndikadakupemphani kuti musaseke, chifukwa mayi wa pakhomopo, a Magdalene, anali atatopa nako kusekedwa. Chitseko cha nyumba ya kalipentalayu chinali cha matabwa a mabokosi a tomato, okhomedwa pa lata lakale, ndipo potseka ankachikoka n'kukulunga waya pa msomali.

"Bashi Tiwo, ichi chitseko chizatigwera tsiku lina," a Magdalene ankatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni, kuwaitana amuna awo kuti bambo ake a Tiwo.

"Msasa saukongoletsa, mayi," a Chabwera ankayankha. "Ife pano ndife alendo. Kwathu ndi ku Dedza."

Alendo! Munthu anabadwira m'nyumba yomweyo mu 1961, mchombo wake unakwiriridwa kuseri kwa nyumba yomweyo, mano anagwera pomwepo, imvi zinamera pomwepo. Chitupa chake ndi cha Zambia. Dedza anali asanamuonepo ndi diso limodzi lomwe. Koma anthu a m'komboni atayamba kuwatchula kuti "ba Malawi", iwo ankamva ngati avekedwa mendulo, ndipo mukawauza kuti "vinthu vavuta" ankayamba akukonzani kuti ndi "zinthu" asanafunse chavuta.

Matendawa anatengera kwa bambo awo, a Whyson. Iwo anachoka ku Dedza ali mnyamata, wapansi, n'kudzapeza ntchito yophikira mzungu mu Lusaka. Anakwatira mkazi wachingoni wa ku Chipata, ndipo poti Angoni mkazi sapereka ulele, anatsuka mapoto a mzungu zaka ziwiri kuti malowolo akwane. Kenaka anaumba zidina n'kumanga ku Kalingalinga nthawi imene kunali tchire ndi maenje okhaokha. Mvula ikangotha chaka chilichonse, a Whyson ankakhala pakhonde n'kunena kuti, "Chaka chamawa tikupita kumudzi." Chaka chamawacho chinawapeza ali kumanda a Chingwere mu 1989. Akazi awo atawatsatira, amalume a ku Chipata anaimirira pamaliro n'kuuza anawo mosapsatira kuti, "Ng'ombe tinadya kale. Inu ndinu a kwa bambo anu." A Chabwera mawu amenewo anawalandira ndi manja awiri. Nanga si zomwe iwo ankanena masiku onse?

Choncho anapangana ndi mtima wawo kuti iwo sadzafa mtchona. Adzapita ku Dedza, adzagula malo pafupi ndi mudzi wa bambo awo, adzamanga nyumba yopumiramo ukalamba, ndipo tsiku likadzakwana adzagona m'manda a kwawo. Munthu wina akadayamba ndi kupeza malowo. Koma kalipentala ndi kalipentala, iwo anayamba ndi chitseko.

Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo anapeza matabwa a mlombwa, umene kuno amati mukwa, ouma bwino, opanda mfundo. Anapanga chitseko chachitali choti munthu wosenza mtolo alowe osawerama. Pamwamba pake anasema phiri la Dedza, akuonera pa kalendala ya tchalitchi imene mlendo wina anawasiyira. Chitsekocho anachikulunga m'zitenje ziwiri n'kuchiimika kuchipinda, ndipo Loweruka lililonse ankachivundukula n'kuchipukuta ndi mafuta. A Magdalene ankachitchula kuti mkazi mnzawo. "Ine mafuta nimazigulira neka," ankauza anzawo a Chigwirizano, "koma muzanga uja amazolewa na bamuna banga sabata iliyonse."

Ulendowo ndiye unakonzedwa, abale inu, unakonzedwa mpaka kupsa. Januwale aliyense a Chabwera ankavala jekete n'kupita ku Intercity kukafunsa nthawi imene basi ya ku Lilongwe imanyamuka, ngati kuti chaka chathachi anawanamiza. Njira ankaiimba pamtima: mlatho wa Luangwa, Chipata, Mwami, Mchinji, Lilongwe, kenaka minibasi ya ku Dedza. Wobwera kudzagula mpando ankachoka ataidziwa njirayo kuposa ya kwawo. Mapasipoti awiri anatha ntchito ali oyera mbee, osadindidwa ngakhale tsamba limodzi. Chaka china kunagwa maliro, chaka china kolera, chaka china sukulu ya mwana wawo Tiwo, chaka china ntchito ya mabenchi a tchalitchi imene sakadaisiya.

Kumapeto kwa chaka chatha zinthu zinasintha. Maso anayamba kuchita nkhungu, msana unayamba kudandaula akawerama popala matabwa. Ndiye kunabwera Victor, bambo wa nsapato zosongoka amene ankagula mapoloti m'Kalingalinga, kugwetsa nyumba zakale n'kumanga tizipinda ta ana a ku yunivesite. Oyandikana nawo awiri anali atagulitsa kale. A Chabwera anaona kuti Mulungu wayankha. Anagwirana chanza ndi Victor kuti Lachisanu asainirana mapepala, Lolemba iwo akwera basi kukagula malo, ndipo akabwerako atenga mkazi, katundu ndi chitseko.

A Magdalene atamva analira, kulira kwenikweni kogwetsa misozi m'mtanda wa zitumbuwa. Iwo anabadwira ku Mtendere, mtunda woyenda wapansi. Pamsewu wa pafupi anali atagulitsa zitumbuwa zaka makumi atatu, mpango wa kwaya unali m'sutikesi, mango a pabwalo anabzala okha. Zonsezo Victor ankati azigwetsa m'sabata imodzi. Atapukuta m'maso anafunsa funso limodzi lokha.

"Bashi Tiwo, ni ndani akuziwani kwamene uko?"

"Magazi salankhula, amadziwana okha," a Chabwera anatero. Koma funsolo linawakhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Tiwo ndiye anathandiza. Amagwira ntchito m'sitolo ya mafoni m'tauni, ndipo anafufuza m'magulu a pa foni a anthu a ku Dedza mpaka anapeza a Edna, mwana wa mlongo wawo wa a Whyson, msuweni weniweni wa a Chabwera. Lachitatu masana anabwera ndi foni n'kuitsamiritsa pa botolo la vanishi. A Chabwera anameta ndevu, anavala jekete ya ku Intercity ija, anakhala chilili ngati akujambulitsa.

Pa foni panatulukira mayi wachikulire wa duku lofiira, ali pakhonde, nkhuku zikudutsa kumbuyo.

"Eee, awa ndiye amuna anga a ku Zambia?" a Edna anafuula, poti pachisuweni nthabwala zotere n'zololedwa. "Mphuno ya amalume yeniyeni! Zaka zonsezi munali kuti, osandigulirako ngakhale chitenje?"

A Chabwera anaseka mpaka misozi. Mawu amenewo, katchulidwe kameneko, anali atakamva komaliza pakamwa pa bambo awo. Anafotokoza zonse, za nyumba yogulitsidwa, za basi ya Lolemba, za malo oti agule, za ukalamba wawo pakati pa abale.

"Kugula malo gulani, asuweni," a Edna anatero. "Masiku ano ndi ogulitsa mafuta a galimoto omwe akugula. Kungoti minda kuno yatha, ife tikugawana mizere. Ine ndimati mwina inu mundipezere kachipinda ku Lusaka komweko, ndizidzagulitsa mbatatesi."

A Magdalene anatsokomola pakhomo la kukhitchini. Amuna awo sanacheuke.

"Chachikulu kwa ine ndi manda," a Chabwera anatero, mawu atatsika. "Ndikufuna ndidzagone pamene anagona makolo anga."

A Edna anakonza duku.

"Asuweni, kodi amalume sanakuuzeni? Manda athu ndi a mbumba ya agogo aakazi. Mumagona ana awo, ndi ana a ana awo aakazi. Amalume malo awo analipo. Koma inu ndinu mwana wa mwamuna. Kuno mwana ndi wa kuchikazi. Mukadzatisiya tidzakulirani bwinobwino, tidzaphika, tidzaimba, kenaka tidzakunyamulani kukakutulani kwanu, kwa amayi anu."

"Kwa amayi anga anati ndife a kwa bambo! Anati ng'ombe anadya!"

"Ng'ombezo ife sitinazione," a Edna anatero. "Zimenezo ndi za Angoni."

Tiwo anayang'ana pansi. Kunja wina ankagogoda lata, minibasi inkaitanira anthu a ku tauni. A Chabwera anakhala pampando, manja pamaondo. Zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu akudzitcha mlendo mu Lusaka, osadziwa kuti mbali zonse ziwiri zinawapereka kale kwa inzake mwaulemu wonse.

A Edna anaona nkhope ija, nthabwala zinawathera.

"Musakwiye nane. Ndikuuzeni zimene amayi anandiuza. Iwo anawasungira amalume munda wa kudambo zaka zambiri, akuwalembera makalata kuti bwerani. Kalata yomaliza amalume anayankha kuti, 'Mlongo, mundawo limani. Ine ndikabwera ndili ndi kwathu, koma ana angawa kumeneko alibe kwawo, ndipo ku Chipata alibenso. Ndawapezera kamalo kuno, ndikhala pomwepa kuti pasalowe wina.' Amayi analira tsiku limenelo. Kodi kamaloko kakadalipo?"

A Chabwera anacheukira kukhitchini. A Magdalene ndiwo anabwera n'kusuzumira pa foni.

"Kalipo, mulamu," anatero. "Mpaka pa Chisanu."

Lachinayi a Chabwera sanagwire ntchito. Anakwera minibasi kupita ku Chingwere, ndipo anazungulira nthawi yaitali m'udzu asanapeze kachitsulo kolembedwa dzina la a Whyson, kochita dzimbiri, kopendekeka. Anakawongola n'kuzula udzu ndi manja. Anali ndi chisoni, komanso anali ndi mkwiyo. Madala ameneyu, zaka zonse zija akuimba "chaka chamawa" pakhonde, kunali kulira chabe kwa munthu wopukwa kwawo, ndipo mwana wake wopusa anatenga nyimbo n'kusiya nyumba. Manyazi anawagwira kwambiri moti anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina akuwaona.

Lachisanu m'mawa Victor anafika ndi mapepala m'kachikwama, nsapato zikuwala. Anapeza chitseko cha mabokosi a tomato chili gone pabwalo, nkhuku zitakwerapo. Pa benchi yogwirira ntchito panali chitseko china chofiirira, chonyezimira, chimene anthu a m'komboni ankangochimva mbiri. Amayi a pampopi anali atasiya zigubu n'kubwera kudzaonera.

"Ba Malawi, nanga ivi ni vichani manje?" Victor anafunsa. "Nyumba tigwetsa, imwe muikako chitseko?"

"Pepani, bambo, mwavutika ulendo," a Chabwera anatero, pensulo ili kukhutu. "Malo ano si anga ndekha ogulitsa. Pali munthu anawalondera mpaka kufa."

Victor anadandaula, anakumbutsa za chanza, anatchula oyandikana nawo amene tsopano akudya bwino ku Chalala. A Chabwera ankangoyeza. Anayeza khomo, anayeza chitseko, anabwerezanso kachiwiri ngati tepi ingasinthe maganizo. Khomo limene a Whyson anasiya linali lalifupi, la anthu olowa mowerama, ndipo pamwamba pake panali mtanda wonyamula denga. Chitseko cha ku Dedza chinapitirira ndi chikhatho chimodzi ndi theka. Kumunsi sikukadadulika, kunali zolumikizira zogwira chitseko chonse. Kumtunda ndiye kunali phiri.

Anajambula mzere ndi pensulo, anaima kanthawi, n'kupuma mozama. Kenaka anatenga sowo. Pabwalo ponse panali zii, kumangomveka mano a sowo akudya mlombwa, utuchi wofiira ukugwera pa nsapato za Victor mpaka mwini wake anabwerera m'mbuyo n'kumapita. Phiri la Dedza linagwa pansi ndi kaphokoso kochepa zedi.

Pofika masana chitseko chinali pa mahinjesi. A Chabwera anaitana akazi awo kuti ayese. A Magdalene anachikankha ndi chala chimodzi, chinatseka chokha, khethe, popanda waya, popanda kuchimenya ndi phewa. Anatsegula, anatsekanso, anatsegulanso, akuseka misozi ili mbwee.

"Zaka fote nili pano," anatero, "lelo ndiye nakwatiwa."

A Chabwera akadalipo ku Kalingalinga, ndipo anthu akuwatchulabe ba Malawi. Januwale wapitayu sanapite ku Intercity. Amati mwina adzapita ku Dedza kukaona msuweni wawo, kukacheza chabe, ndi chitenje m'manja, koma tsiku satchula. Chidutswa cha phiri chija a Magdalene anachitola tsiku lomwelo. Mlombwa ndi mtengo wolimba, sutha msanga, ndipo kuseri kwake n'kosalala bwino. Amaduliraponso anyezi.