Ine Wobaya, Iwo Owerenga

Anzanga, ndinakumana ndi bambo ena pabenchi kuchipatala, tsiku la ife odwala shuga. Anali telala wopuma, akazi awo anamwalira kalekale. Ine ndinali ndi kamakina koyezera shuga kamene mwana wanga wamkazi anandigulira, ndikungokatembenuza.

"Mayi, kameneko si wailesi," anatero. "Sikayimba."

"Ndikudziwa, bambo. Koma kusukulu sindinapondeko. Manambala akewa kwa ine ndi nyerere basi."

"Ine kuwerenga ndimatha, koma manja amanjenjemera. Ngakhale singano inandikana."

Pocheza tinapeza kuti timakhala msewu umodzi. Ndiye tinapangana: ine wobaya, iwo owerenga.

M'mawa uliwonse, tisanalawe kanthu, ankafika pakhonde panga. Tisambe m'manja, ndibaye chala changa cham'mbali, kadontho ka magazi pakapepala kake. Kenako chala chawo, ndi singano ina. Iwo ayang'ane, akhosomole pang'ono.

"Lero zili bwino, mayi."

Tikatero, tiyi wopanda shuga.

"Tiyi ameneyu ndi chilango," ankatero, "koma pakhonde pano amamweka."

Ine gogo wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndinayambanso kudziyang'ana pagalasi. Sekani, palibe kanthu.

Chitatha chaka, ludzu linayamba kundizunza. Kukodza pafupipafupi, mapazi kuchita dzanzi. Koma m'mawa uliwonse mawu anali omwewo: zili bwino.

Tsiku lina ndikuchapa ndinagwa ndi chizungulire. Mwana wanga atabwera anadina batani, kamakina kaja kanaonetsa manambala onse am'mbuyo.

"Amayi, shuga ameneyu wakhala ali m'mwamba miyezi itatu! Amakuwerengerani ndani?"

M'mawa mwake mwana wangayo anawadikira bambo aja pakhonde. Atafika anawapatsa kamakina kaja.

"Tawerengani, bambo."

Anakabweretsa pafupi ndi maso, anakatalikitsa, anakhosomola.

"Zili bwino."

"Bambo... kamakinaka n'kozimitsa."

Ndinkangomva mpopi ukudontha kuseri kwa nyumba.

"Maso anayamba kuchita chifunga," anatero pansipansi. "Ngakhale manambala anga omwe sindimawaona. Koma ndikanati sindikuona, ndiye ndizibwera kudzatani kuno?"

"Mukanawapha amayi anga," anatero mwana wanga.

Bambo aja anati sorry kawiri, n'kutenga chipewa chawo. Ndinawaona akupapasa chitseko cha mpanda, koma sindinadzuke. Mtima unali utauma, poganiza kuti ndinaika moyo wanga m'maso mwa munthu wosaona.

Pasanathe mwezi, mwana wawo anadzawatenga kukakhala nawo kutali, kuti akawaonetse kwa dokotala wa maso. Sitinatsanzikane.

Ine kuchipatala anandisinthira mankhwala. Mwana wanga anandilembera manambala akuluakulu pakatoni, ndipo pang'onopang'ono ndawaphunzira. Nanunso anzanga, nambala yanu muziiona ndi maso anu, ngakhale wokuwerengeraniyo mumamukonda.

Koma sindidana nawo ayi. Chimene chimandiwawa n'chakuti chaka chonse ankaganiza kuti ndimawalandira chifukwa cha manambala. Ndipo ine, ndi manyazi anga aukalambawa, sindinawauzepo kuti sizinali choncho.